Achifwamba apanyanja sanakwere sitima yathu, koma munda wanga wa mpunga unapita

Achemwali, mwandifunsa kuti malonda obweretsa katundu kudzera kumadoko a anzathu amayenda bwanji, ndiponso ngati m'zaka zikubwerazi achifwamba apanyanja sadzatitsekera njira ya ku Nacala ndi ku Beira, popeza mwamva kuti asilikali apamadzi a ku Mozambique alibe zida zokwanira. Ndikuyankhani chifukwa mwafunsa mwaulemu. Ambiri amene amabwera pakhomo panga kuno ku Nkhotakota amangofuna nambala ya ejenti wanga, osadziwa kuti ejenti ameneyo ndinamupeza nditasiya anzake atatu amene anandiliza. Ndakhala ndikubweretsa injini za maboti ndi maukonde kwa zaka zoposa 20, ndipo kuyambira ku Chipoka, kudutsa Senga Bay ndi Chia mpaka ku Dwangwa, simungapeze gombe limene kulibe injini yodutsa m'manja mwanga. Ntchito imeneyi ndinaiyamba amuna akunena kuti mayi sangasiyanitse injini yatsopano ndi yopakidwa penti.

Mukaganiza za achifwamba apanyanja, mwina mumaona anyamata amfuti akukwera sitima ndi kutsegula kontena yanu. Zimenezo sizinandichitikirepo, komabe anthu amenewo anatsala pang'ono kundimaliza mu 2011 asanaone ngakhale bokosi langa limodzi.

Mu November 2010 ndinapita ku Dubai ndi kupikula injini 14 pamodzi ndi mabelo a ukonde, ndipo tinagawana kontena imodzi anthu atatu. Ndalama zina zinali zanga, zina ndinatenga kwa wakatapila, ndipo zina zinali za eni zilimira (maukonde akuluakulu ophera nsomba) asanu ndi mmodzi amene analipiriratu theka chifukwa chondikhulupirira. Ejenti anati katundu afika padoko pakatha masabata asanu. Nthawi imeneyo achifwamba a ku Somalia anali atafika pachimake, ndipo sitima yochoka ku Dubai kubwera kummwera imadutsa m'madzi amene iwo ankasakamo. Kumapeto kwa December chaka chomwecho anagwira sitima yophera nsomba yotchedwa Vega 5 pagombe la Mozambique penipeni, antchito ake ambiri ali mbadwa za dzikolo, ndipo anaisandutsa sitima yawo yosakira zina mpaka asilikali apamadzi a ku India ataipeza mu March 2011. Chimene chinaopsa eni sitima ndi chakuti anthu amene ankaganiziridwa kuti amathera kufupi ndi kwawo anali atatsika mpaka kummwera chotere, kumalo kumene kunalibe wowathamangitsa.

Kampani imene inanyamula kontena yathu inasintha njira. Katundu wathu anatsitsidwa padoko lina kudikira sitima ina, ndipo papepala panabwera ndalama yowonjezera imene anati ndi ya chiopsezo cha panyanja, yolipira m'madola. Masabata asanu aja anasanduka miyezi inayi. Wakatapila sawerenga nkhani za ku Somalia, iye amawerenga miyezi, ndipo mwezi uliwonse mnyamata wake ankafika pakhomo panga panjinga tsiku lomwelomwelo.

Kontena itafika padoko, limene sindilitchula dzina, ndinaganiza kuti mavuto atha. Inu mwina munali wamng'ono mu 2011, koma funsani akuluakulu za mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta ndi za mabanki amene analibe ndalama zakunja. Ndinali ndi makwacha m'manja, koma doko silidziwa kwacha. Ndinalemba kalata yopempha madola kubanki ndi kudikira masabata awiri, kenako ndinakagula kwa anyamata apamsewu pamtengo umene mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwawa. Masiku aulere amene kampani imapereka anali atatha kale, ndipo demurrage, ndalama imene kampani ya sitima imalipiritsa kontena ikachedwa kutuluka padoko, inali itayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, pamwamba pa ndalama yosungira kontena padokopo.

Pamenepo ndi pamene ndinakumana ndi bwana wina wa paofesi yoona katundu, munthu amene nkhope yake sindidzaiiwala. Tsiku loyamba anati chidindo china chikusowa. Nditachipeza, anati kontena iyenera kutsegulidwa iye alipo, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi sanapezeke, ngakhale kuti galimoto yake inali kuima panja pa ofesi m'mawa uliwonse. Ankadziwa bwino lomwe kuti tsiku lililonse limene akundizemba likundidyera madola, ndipo ankayembekezera kuti ndifike poona kuti kangachepe kamene akufuna n'kotchipa kuposa kudikira. Ndinagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi doko masiku 41, ndikudya buledi ndi tiyi, mayi wa ana anayi, m'dziko limene chilankhulo chake cha muofesi ndinkangochitola apa ndi apo. Pomaliza ndinapereka, ndipo zimenezo ndimazinena poyera chifukwa manyazi ake ndi a iye amene anandikakamiza. Titatsegula kontena tinapeza loko si amene tinatsekera ku Dubai, ndipo injini ziwiri panalibe. Wina anati zinasowera padoko loyamba lija, wina anati pano, ndipo palibe amene anavomera kulemba chilichonse. Inshuwalansi sindinadule, chifukwa mnzanga wina anandiuza kuti ndi kutaya ndalama. Musadzamvere munthu wotero, ngakhale atakhala m'bale wanu wa bere limodzi.

Pachipata cholowera kwathu kuno, kumene ndinkayembekezera kuti ndipuma chifukwa ndalankhula ndi anthu a mtundu wanga, mnyamata wa zaka za mwana wanga anayang'ana malisiti anga ndi kunena kuti mtengo umenewo sungakhale woona. Anaika mtengo wake, msonkho unakwera, ndipo nditamuonetsa mapepala a zonse zimene ndinalipira kudoko anandiyankha kuti zimenezo zimawonjezeranso mtengo wa katundu. Lamulo mwina linali kumbali yake, koma mmene anaponyera mapepala anga pathebulo, osandiyang'ana n'komwe, sindinamukhululukire.

Ndinafika ku Nkhotakota ndi injini 12, mwera utayamba kale kuwomba. Eni zilimira aja anali atadikira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene ankandiitana kuti mwana wanga, anakhala pakhonde langa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa osalankhula mawu, kenako ananyamuka. Onse asanu ndi mmodzi ndinawapatsa injini zawo pamtengo umene tinagwirizana poyamba, osawonjezera ngakhale tambala, ndipo ichi ndicho chinthu chimene ndimanyadira koposa pa ntchito yanga yonse. Kuti ndimalize ngongole ya wakatapila ndinagulitsa munda wa mpunga umene mayi anga anandisiyira kudambo, munda umene unkatipatsa kilombero wokwanira kudya chaka chonse ndi kugulitsako. Ndalama zotsala ndinazisunga kuti ndiyambirenso, koma mu May 2012 kwacha inagwa kuchoka pafupifupi pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, ndipo mpamba umene ndinkati ugula injini zisanu unagula zitatu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kuyambira chaka chimenecho katundu amene ali pamadzi sindimuwerengera ngati wanga, komanso sindilandira ndalama ya msodzi injini isanafike m'sitolo.

Za asilikali apamadzi zimene munafunsa, mwamva zoona. Gombe la Mozambique ndi lalitali makilomita oposa 2,400, ndipo Vega 5 itagwidwa, amene anatumiza sitima zankhondo kudzalondera kuchokera ku Pemba mu 2011 anali a ku South Africa. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma la Mozambique, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni ponena kuti agula maboti ophera nsomba ndi olondera gombe. Mbali yaikulu ya ngongoleyo inabisidwa kwa anthu mpaka 2016, maboti ophera nsomba aja anangochita dzimbiri padoko la Maputo, ndipo amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa pa nkhaniyi kukhoti ku America mu 2024. Nkhani imeneyi imandipweteka ngati kuti ndi ya dziko langa, chifukwa madzi amene mabotiwo anayenera kulondera ndi amene katundu wa Amalawi amadutsamo. Mu August 2020 zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zinalanda doko la Mocímboa da Praia ndi kukhalamo chaka chathunthu, mpaka asilikali a ku Rwanda atathandiza kulilanditsa mu August 2021. Doko limenelo ndi laling'ono ndipo lili kutali kumpoto kwa Nacala, koma aliyense wodula mitengo ya inshuwalansi anaona kuti doko lingathe kugwa. Nawonso achifwamba a ku Somalia sanathe, chifukwa mu March 2024 anagwira sitima ya ku Bangladesh yotchedwa Abdullah itanyamula malasha kuchokera ku Maputo kupita ku United Arab Emirates, imene ndi njira yomwe ija ya kontena yanga, kungoti iyo inkalowera kumpoto.

Maganizo anga ndi akuti m'zaka zikubwerazi sitidzamva kuti Nacala kapena Beira yatsekedwa ndi achifwamba. Chimene chidzachitike ndi chimene chinandichitikira ine: sitima imodzi ikadzagwidwa pafupi, makampani adzachepetsa maulendo, adzakweza mitengo, adzayamba kutsitsa katundu wa amalonda ang'onoang'ono padoko limene lawakomera, ndipo malasha ochokera ku Moatize amene amadutsa panjanji m'dziko lathu lino adzapitirira kuyenda pamene kontena yanu ikudikira. Asilikali athu apamadzi ali ku Monkey Bay, panyanja yathu ino, ndipo sangatithandize kunyanja yamchere. Bambo anga ankasimba za m'ma 1980, nkhondo ya Renamo itadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, katundu wa dziko lino n'kumazungulira ku Durban, mpaka asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala ndipo ena anafera komweko. Mu March 2019 namondwe Idai anasakaza Beira, ndipo kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zinaimitsa malole m'misewu ya ku Mozambique. Chifukwa chake ine sindikhulupirira doko limodzi. Katundu wanga ndimamugawa pawiri, wina kudzera ku Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe ngakhale kuti msewu wake ndi wautali, wina kudzera ku Mozambique, ndipo ndimasunga madola olipirira mwezi wathunthu wa kuchedwa ndisanatumize kanthu. Ngati mulibe ndalama zimenezo, yambani ndi kupikula kwa ife amene tabweretsa kale, ndipo musachite nazo manyazi.

Munda uja anaugula bambo wina amene amausamala bwino, ndipo chaka chilichonse akakolola ndimatuma mwana kukagula matumba awiri a mpunga wa m'munda momwemo. Ndamupempha kawiri kuti andigulitsenso pamtengo umene angatchule, koma anakana, ndipo chaka chino akakolola ndikapitanso ndekha kukamupempha kachitatu.