Zithunzi za bambo anu za ku koleji: yambani ndi maina, alubamu ibwera pambuyo

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Lilongwe. Akuti bambo awo atamwalira chaka chatha, m'sutukesi yawo adapezamo envelopu yodzaza ndi zithunzi za nthawi imene ankaphunzira ku Chancellor College. Zambiri ndi zakuda ndi zoyera, zochepa ndi zakala zimene zayamba kufiira, ndipo pafupifupi zonse zilibe dzina kapena chaka kuseri. Zawagwira mtima moti akufuna kuyamba kusonkhanitsa zithunzi zakale za moyo wa ku koleji, osati za bambo awo okha. Akufunsa kuti angadziwe bwanji chaka chimene chithunzi chidajambulidwa, azisunge bwanji, ndipo zina akazipeze kuti.

Achemwali, pepani ndi zovuta zimene zidakugwerani, ndipo zikomo polemba. Zonse zitatu ndiyankha, koma pali ntchito ina imene simudaitchule, ndipo ndiyo yofunika changu. Chithunzi chakuda ndi choyera chikakhala pouma chingathe kukudikirani zaka zambiri. Anthu odziwa maina a amene ali pachithunzipo sangakudikireni choncho. Amene adalowa koleji m'ma 1960 ndi 1970, lero ambiri adutsa zaka 70, ena 80. Musanagule alubamu, musanafunefune sikana (makina okopera zithunzi kuti zilowe m'kompyuta), pitani mukaonane nawo.

Mwayi wanu ndi woti ophunzira a masiku amenewo adali ochepa kwambiri. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu September 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ophunzira onse adalipo 90 okha. Anthu ochepa chonchi, odyera m'chipinda chimodzi ndi kugona m'mahosteli oyandikana, ankadziwana bwino, mpaka kwawo kwa munthu ndi dzina lake lachipongwe. Ngakhale chiwerengero chidakwera m'zaka zotsatira, agogo mmodzi wa kalasi ya bambo anu angathe kukutchulirani mzere wonse wa anthu oimirira kumbuyo. Yambani ndi amayi anu ngati alipo, azakhali, ndi anzawo a malemu amene adabwera pamaliro.

Popita kumeneko musanyamule zithunzi zenizenizo. Jambulitsani makope akuluakulu pa pepala wamba, chifukwa maso a okalamba amavutika ndi tinkhope tating'ono, ndipo pa kope lililonse lembani nambala pamwamba pa mutu wa munthu aliyense. Pemphani chilolezo chotsegula rekoda ya pafoni, muike chithunzi chimodzi patebulo, mudekhe. Musamangofunsa kuti uyu ndani. Funsani kuti apa mpati, lidali tsiku la chiyani, adajambula ndani, uyu wagwira gitalayu adadzapita kuti. Dzina lililonse lembani pamodzi ndi amene wakuuzani ndi tsiku limene wakuuzani. Awiri akasiyana pa dzina la munthu mmodzi, lembani maina onse awiri, musasankhe nokha. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa dzina lolakwika likangoikidwa pa Facebook, anthu amalikopera mpaka limasanduka ngati loona.

Tsono za chaka. Yambani ndi kuyang'ana kumbuyo kwa anthuwo. Chancellor College idakhala ku Chichiri mpaka 1973, pamene idasamukira ku Chirunga ku Zomba. M'chaka chimenecho Soche Hill College, imene inkaphunzitsa aphunzitsi, ndi Institute of Public Administration ya ku Mpemba zidaphatikizidwa ku Chancellor College, pamene Polytechnic idatsala ku Blantyre ndipo Bunda idatsala ku Lilongwe. Choncho mukaona ophunzira ali pa kapinga, phiri la Zomba litaima kumbuyo kwa nyumba zophunziriramo, chithunzicho si cha chaka cha 1973 chisanafike, pokhapokha ngati adali pa ulendo wokayenda. Mapiri a Soche, Ndirande ndi Bunda nawonso ali ndi maonekedwe awoawo, ndipo munthu wokulira kumeneko amawazindikira ngakhale pataoneka kansonga kokha pakona.

Kenaka yang'anani zovala. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba maondo poyera, ndipo lidagwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amuna nawonso sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Mtsikana wovala siketi yaifupi pabwalo la koleji akukulozerani ku zaka zoyambirira zenizeni, ndipo gulu la atsikana ovala majinzi akukulozerani ku nthawi ya matipate. Pakatipa, zaka pafupifupi 20, madiresi onse ndi ofika mmunsi mwa maondo, ndipo zovala zokha sizikuthandizani kwambiri.

Ndiye tembenuzani chithunzicho. Kuseri kumanena zambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Nthawi zina pamakhala chidindo cha inki cha situdiyo imene idatsuka chithunzi, chokhala ndi dzina la tauni. Mtengo ukalembedwa m'mashilingi, monga 2/6, kumbukirani kuti kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971. Chidindo chikati Salisbury, dzina limeneli lidasinthidwa kukhala Harare mu 1982. Kwa inu amene mukufuna zithunzi za anthu enanso, dziwani kuti chithunzi cha munthu wa ku Nyasaland atavala gauni ya digiri m'ma 1950 sichidajambulidwe pa yunivesite ya kuno, chifukwa kudalibe. Anthu ankapita ku Makerere ku Uganda, ku Fort Hare ku South Africa, ku Roma ku Basutoland, ndipo kuyambira 1957 ena ankapita ku University College of Rhodesia and Nyasaland ku Salisbury.

Pepala lenilenilo ligwireninso m'mphepete mulimve. Lakale kwambiri kuseri kwake kumamveka ngati pepala la kalata ndipo limakonda kupindika. Lokutidwa ndi kapulasitiki kotelera mbali zonse lidafala m'ma 1970. Tizithunzi tating'ono ta mbali zinayi zofanana nthawi zambiri tidachokera ku kamera za Kodak Instamatic, zimene zidatuluka mu 1963, ndipo tina timakhala ndi mwezi ndi chaka chosindikizidwa m'mphepete moyera. Chaka chimenecho ndi cha kutsuka, osati cha kujambula, ndipo wophunzira wosowa ndalama ankatha kusunga filimu miyezi yambiri asanakaitsukitse.

Kufiira kwa zithunzi zakala zija kuli ndi chifukwa chake. Chithunzi chakala chimapangidwa ndi utoto wa mitundu itatu, ndipo wobiriwira mopita ku buluu ndiwo umayamba kutha, n'kusiya wofiira ndi wachikasu. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi ngakhale chithunzi chili mumdima. Zakuda ndi zoyera zimapangidwa ndi siliva, n'chifukwa chake zimapirira, ngakhale mukazipendeketsa pa kuwala mudzaona zina zikunyezimira ngati kalilole m'malo akuda. Motero pojambula ndi sikana, yambani ndi zakalazo ngakhale zili zatsopano poyerekeza ndi zinazo. Ikani sikanayo pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), jambulani kutsogolo ndi kuseri komwe, ndipo sungani makope malo awiri osiyana. WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi, choncho kope la pa WhatsApp lisakhale lokhalo limene muli nalo.

Za kasungidwe n'zachidule. Adani ake kuno ndi chinyontho cha dzinja, nkhungu, chiswe, mphemvu ndi kutentha kwa pansi pa malata. Sutukesi ya pansi pa bedi, pa simenti, ichoke. Ikani zithunzi m'bokosi loyera pa shelefu ya m'chipinda chouma, kutali ndi khoma la panja. Polemba kuseri gwiritsani ntchito pensulo yofewa, m'mphepete, osadinikiza. Bolopeni imaboola ndipo inki yake imadetsa chithunzi choyandikana nacho. Selotepi, guluu, malabala ndi mapini ayi. Maalubamu a masamba omata aja, okhala ndi timizere ta guluu tosanduka tachikasu, amaononga zithunzi. Chimene chikukana kumatuka musachikakamize, jambulani tsamba lonse momwe liliri. Ndipo chonde, achemwali, musapite nazo kokachita lamineti. Kutentha ndi guluu wake zimalowerera pa chithunzi, ndipo zikatero palibenso njira yobwezera.

Kopeza zina, musayembekezere msika. Zithunzi za mtundu umenewu zili m'nyumba za anthu, m'masutukesi ngati ya bambo anu, ndipo njira yake ndi yomwe ija ya maina. Agogo amene wakutchulirani anzake amalowa kuchipinda n'kutulutsa zakezake, kenaka n'kukulozerani kwa mnzake wa ku Mzuzu kapena mwana wa malemu wina ali ku London. Musapemphe kuti akupatseni. Pemphani kubwereka, kapena jambulani pompo iwo akuona, ndipo mukabwereka bwezani pa tsiku limene mudalonjeza, pamodzi ndi kope lokulitsa ngati mphatso. Funsaninso zithunzi zimene anthu amaziona ngati zopanda pake: pamzere wa chakudya, pochapa zovala kuseri kwa hosteli, pa sewero, pa mpira. Za tsiku lolandira digiri aliyense ali nazo ndipo zimafanana. Zinazo ndizo zimaonetsa mmene anthu ankakhalira.

Muyende mosamala ndi zimene mudzamva. Zaka zimenezi zidali za chipani chimodzi. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito ena a yunivesite adatsekeredwa osazengedwa mlandu, ena kundende ya Mikuyu kufupi ndi Zomba komweko, ndipo mu March 1992 ophunzira a ku Chancellor College adachita zionetsero zogwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, koleji n'kutsekedwa. Wokalamba akafika pa nkhope ina n'kukhala chete, musamuumirize. Mukapeza chithunzi chodulidwa mbali imodzi ndi sizasi, chisungeni momwemo ndipo funsani modekha, chifukwa chodulitsa chingakhale ndale kapena chibwenzi chimene chidatha. Musanaike nkhope ya munthu pa intaneti, funsani mwini wake kapena ana ake.

Zikadzachuluka ndipo maina atalembedwa, ganizirani zopereka makope kumalo osungira mbiri. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi ndi laibulale ya yunivesite, imene kuyambira 2021 ikudziwika ndi dzina loti University of Malawi pa malo omwe aja a Chancellor College. Ku Blantyre, Society of Malawi imasunga zithunzi zakale ku Mandala House. Yambani mwawalembera kufunsa mmene amalandirira zinthu, ndipo popereka musasiye mndandanda wa maina ndi mawu amene mudajambula pafoni.