Kuthamanga mofatsa si ulesi ayi

Achimwene, amene akukuuzani kuti kuthamanga mofatsa ndi ulesi akukusokeretsani. Mphunzitsi wina, amene sindimutchula dzina, ankatithamangitsa mwaliwiro m'mawa uliwonse, ndipo wotsalira m'mbuyo ankamunyoza pamaso pa anzake kuti ndi nkhalamba. Nditamudandaulira kuti msongolo ukundipweteka, anandiyankha kuti ululu ndi umboni wakuti thupi likukhwima.

Tsiku la mpikisano wa makilomita 21, nditangopitirira theka, ndinamva ngati wina wandikhoma msomali m'fupa. Ndinayesa kutsimphina, koma phazi linakaniratu kuponda pansi, mpaka ndinakhala m'fumbi m'mphepete mwa msewu, nambala ili pachifuwa, amayi ogulitsa nthochi akundiyang'ana mwachisoni, pamene anthu amene ndinawasiya kutali ankandidutsa mmodzimmodzi. Anandinyamula ndi wakabaza. Kuchipatala anapeza kuti fupa linali ndi mng'alu chifukwa cholipanikiza popanda kulipatsa mpata wochira. Mphunzitsi uja sanabwere kudzandizonda, ngakhale foni sanaimbe. Anangouza anzanga kuti ndilibe mtima wa mpikisano, ndipo mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Chimene iye sankafuna kumva n'chakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi yambiri kuti zilimbe. Kuthamanga mofatsa, pa liwiro loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osapuma wefuwefu, kumachulukitsa timitsempha ta magazi m'minofu, kumathandiza mtima kupopa magazi ambiri nthawi imodzi, komanso kumaphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta kuti mphamvu zisathe msanga pa mtunda wautali. Katswiri wofufuza za masewera, Stephen Seiler, anapeza kuti akatswiri a mitunda italiitali amachita mofatsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a kuthamanga kwawo kokonzekera mipikisano. Ngakhale Eliud Kipchoge, amene anamaliza makilomita 42 mu 1:59:40 ku Vienna mu 2019, amakhala ndi masiku othamanga mofatsa ku Kaptagat, m'dziko la Kenya.

Komabe musataye liwiro. Kamodzi kapena kawiri pa sabata muzikwera chitunda mwamphamvu mpaka miyendo itenthe, chifukwa popanda zimenezo nthawi yanu sidzatsika. Ndiponso pezani mphunzitsi n'kumamumvera, pakuti wothamanga yekha sachedwa kudzinamiza. Koma msongolo ukangoyamba kupweteka malo amodzi, imani tsiku lomwelo mupite kuchipatala.