Kwa achimwene amene afunsa za Django 3.2: musaisiye choncho, koma musalumphenso

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti munapangira SACCO ina pulogalamu yosungira mabuku a mamembala pa Django 3.2 (Django ndi chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti m'chilankhulo cha kompyuta cha Python), ikuyenda bwinobwino mpaka lero, ndipo mukufunsa ngati muisiye momwe ilili kapena muikweze ku version yomwe yangotuluka kumene. Ena omwe akuyankhani kale m'gulu muno akuti chinthu chikamayenda usachikhudze. Ine sindikugwirizana nawo, komanso sindikugwirizana ndi amene akuti ikani yatsopanoyo lero lomwe.

Django 3.2 inasiya kusamalidwa mu Epulo 2024. Sikuti pulogalamu yanu ileka kuyenda mawa. Ipitiriza kuyenda, ndipo n'chifukwa chake anthu amaiwala. Koma munthu akapeza bowo lachitetezo, eni ake a Django amalitseka m'ma version omwe akuwasamalirabe, n'kulengeza poyera pomwe bowolo linali, ndipo 3.2 saikhudzanso. Akuba a pa intaneti nawonso amawerenga zolengezazo. M'pulogalamu yanuyo muli mayina a anthu, manambala a foni, ndalama zomwe aliyense wasunga ndi ngongole zake. Ine ndikanakhala inu sindikanapeza tulo.

Anthu a Django amayendera kalendala, ndipo mukaidziwa, theka la funso lanu layankhika. Version yatsopano imatuluka pakadutsa miyezi pafupifupi 8. Imakonzedwa zolakwika zake kwa miyezi 8, kenako kwa miyezi 8 ina imangolandira zachitetezo ndi zokonza zolakwika zomwe zingawononge deta, basi yatha. Yomwe nambala yake ikuthera ndi .2 ndiyo ya mtundu wina. Imatchedwa LTS, kutanthauza yosamalidwa nthawi yaitali, ndipo imasamalidwa zaka 3. Ndiye 3.2 inatuluka mu Epulo 2021, 4.2 mu Epulo 2023 ndipo malire ake ndi Epulo 2026, 5.2 mu Epulo 2025 ndipo malire ake ndi Epulo 2028. Mukaonetsetsa, LTS yatsopano ikamatuluka yakale imakhala yatsala ndi chaka chimodzi. Chaka chimenecho anachisiya dala kuti munthu asamuke mosathamanga. Kwa pulogalamu ya kasitomala yomwe simuikhudza tsiku ndi tsiku, komwe muyenera kukafika ndi 5.2. Yongotuluka kumene isiyireni anthu omwe ali ndi nthawi yokweza miyezi 8 iliyonse.

Amene munazolowera npm, komwe anthu a JavaScript amatengako ma library, samalani apa. Kumeneko ma library ambiri amatsatira lamulo loti nambala yoyamba yokha ikasintha ndiye pali chomwe chingathyoke. Django siyendera lamulo limenelo. Kuchoka pa 4.1 kupita pa 4.2 pakhoza kukhala zosintha zomwe zingakhudze code yanu. Nambala yachitatu yokha, monga 1 wa mu 4.2.1, ndiyo mungakweze mtima uli m'malo, ndipo imeneyo muziikweza nthawi zonse ikatuluka.

Chomwe ndimawalemekezera anthuwa n'chakuti sachotsa chinthu mwadzidzidzi. Akafuna kuchotsa function, amayamba aichenjeza, ndipo imagwirabe ntchito kwa ma version osachepera awiri. Chenjezolo limatchula version yomwe chinthucho chidzachoke, monga RemovedInDjango40Warning. Vuto n'lakuti machenjezowa nthawi zambiri saoneka mpaka mutawayatsa nokha. Musanakweze chilichonse, mudakali pa 3.2 pomwepo, lembani python -Wa manage.py test ndipo muwerenge zonse zomwe zituluke. Mupeza zinthu ngati url() ya mu django.conf.urls, ugettext ndi force_text. Zonsezi zinachoka mu 4.0, ndipo m'malo mwake mumalemba path kapena re_path, gettext ndi force_str. Zikonzeni mpaka machenjezo atheretu, kenako mukwere.

Kukwerako kukhale kwa pang'onopang'ono: 4.0, 4.1, 4.2, n'kumapitirira mpaka 5.2, ndipo pa sitepe iliyonse muwerenge gawo la release notes lomwe likunena zosintha zosagwirizana ndi zakale. Zina sizichenjeza. Mu 4.0, CSRF_TRUSTED_ORIGINS, mndandanda wa maadiresi odalirika wa mu settings, inayamba kufuna kuti adiresi iyambe ndi https:// kapena http://. Pa 4.2 mungodutsapo, musamangepo nyumba.

Ndikuuzeni zomwe zinandigwera ine. Ndinakweza pulogalamu ya ofesi ina Lachisanu madzulo, ma test onse atadutsa. Lolemba m'mawa foni inalira: makalaliki akadina batani lotulukira akungoona tsamba loyera, ndipo akaunti ikukhalabe yotsegula pa kompyuta yomwe amagwiritsa ntchito anthu anayi. Batanilo linali link wamba. Django inachenjeza kuyambira 4.1 kuti kutuluka kudzafuna POST, kutanthauza kutumiza fomu osati kungodina link, ndipo mu 5.0 njira yakale inachoka. Chenjezo linalipo nthawi yonseyi, koma ndinalibe test yodina batani limenelo, choncho sindinalionepo. Ngati pulogalamu yanu ilibe ma test, yambani mwalemba ochepa: kulowa, kutuluka, kusunga ndalama, kubweza ngongole, lipoti la mwezi. Popanda amenewo, -Wa sikuonetsani zambiri.

Tsono Django siyenda yokha. Version iliyonse imanena Python ndi database zomwe ingagwire nazo ntchito. Django 4.2 inasiya MySQL 5.7, imafuna 8. Django 5.2 imafuna Python 3.10 kapena yoposa pamenepo, ndipo ngati muli pa PostgreSQL imafuna 14 kupita m'mwamba. Python nayo ili ndi kalendala yake: imatuluka Okutobala aliyense n'kusamalidwa zaka 5, ndipo 3.8 inatha mu Okutobala 2024. Choncho musanalembe mzere ndi umodzi womwe, funsani a hosting kuti pa seva pali chiyani. Ngati ndi shared hosting yotsika mtengo, mwina muyenera kusamuka kaye, ndipo ndalama yake kasitomala aidziwiretu. Onaninso ma package ena mu requirements.txt, fayilo yomwe imandandalika zonse zomwe pulogalamu yanu imadalira. Kawirikawiri chomwe chimamanga munthu miyendo si Django, koma ka package ka munthu mmodzi komwe kanasiyidwa zaka zapitazo. Mukakapeza, sankhani msanga: kupeza kena, kapena kulemba gawolo nokha.

Pali nkhani ina yomwe timaizemba m'gulu muno. Django ndi yaulere, laisensi yake ndi ya BSD, ndipo imanena momveka kuti palibe chitsimikizo chilichonse. Django Software Foundation imalipira anthu ochepa otchedwa Fellows, ena ambiri ndi ongodzipereka. Akati version ikusamalidwa akutanthauza kuti atulutsa zokonza. Kuziika pa seva ya SACCO ndi ntchito yanu, ndipo ntchito imalipidwa. Ambirife timapereka pulogalamu ngati tagulitsa mpando, munthu anyamule azipita. Kasitomala sadziwa kuti ili ndi tsiku lotha, chifukwa sitinamuuze. Pitani mukakhale pansi ndi komiti ya SACCO, muwaonetse madeti aja ali pa tsamba la Download la djangoproject.com, muwafotokozere kuti n'chimodzimodzi ndi galimoto kupita ku service. Mu mgwirizano watsopano mulembemo ndalama ya chaka ndi chaka ya zokonza zazing'ono, ndi ina yosamukira ku LTS yotsatira zaka ziwiri zilizonse. Anthu osunga ndalama za anzawo amamva msanga nkhani ya chitetezo ukawafotokozera bwino.

Musanayambe, tengani backup ya database ndipo muyesere kuibwezeretsa pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti ikutseguka. Kukweza konse kuchitikire pa kopi imeneyo, osati pa seva yomwe makalaliki akugwiritsa ntchito, ndipo mupewe kumapeto kwa mwezi pomwe akutseka mabuku. Mukaika pano zomwe zili mu requirements.txt ndi version ya Python yomwe ili pa seva, ndikuthandizani kuona ma package omwe angakuvuteni.