Ife tinkaseka Chichewa cha mufilimu, amayi ankalira kukhonde

FUNSO: Anti, nkhani iyi ikundisowetsa mtendere. Sabata yatha achimwene anabwera kumudzi ndi laputopu ndiye madzulo tinaonera filimu ija ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, ife ana tinkangofa nalo phwete chifukwa cha Chichewa chake, mawu ena osamveka olo pang'ono mpaka kumadalira zachingerezi zolembedwa pansi zija kuti timve chiyankhulo chathu chomwe! Koma itafika poti anthu akukanganirana chimanga, amayi anangodzuka mwakachetechete nkukakhala kukhonde, nditawatsata ndinawapeza akupukuta misozi ndi chitenje. Mpaka lero sanenapo kanthu. Ine ndinabadwa 2004. Kodi Chichewa chija chinalakwika bwanji, nanga amayi tinawalakwira? Mtsikana wa ku Dowa.

YANKHO: Mwanawe, za Chichewazo sukunama, inenso makutu anandiwawa. Amene anatsogolera filimuyi nkusewera ngati bambo ake a William ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, makolo ake ndi a ku Nigeria. Mnyamata wosewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake mufilimumo ndi Aïssa Maïga wa ku France, onsewa Chichewa anachita kuloweza. Ukamvetsere bwino Lily Banda wathu uja amene anasewera ngati mchemwali wake wa William, mawu akungotuluka okha. Ine ndimaona kuti akanapatsa Amalawi mbali zikuluzikulu zambiri, aluso tili nawo, komabe ndimawayamikira kuti anadzajambulira konkuno mmalo mongoyankhulitsa aliyense chizungu.

Koma ndikhale pa amayi ako. Zimene iwe unaona ngati sewero iwowo anaziona ndi maso. Njala ya 2001 mpaka 2002 inavuta zedi mchigawo chapakati, mvula inaononga mbewu, chimanga chosungira dziko chinali chitagulitsidwa, mtengo wake unakwera mowirikiza, anthu nkumadya madeya, zitsa za nthochi, kugulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wotaya kuti apeze kambale kamodzi ka ufa, ndipo mu February 2002 pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu anamwalira mwanawe, ndipo ambiri amene anaika maliro nthawi imeneyo sakonda kuyikamba. Ku Wimbe ku Kasungu kumene William anasiyira sukulu posowa fizi nkupanga makina a mphepo opanga magetsi aja ndi zitsulo zotola, dayinamo ndi njinga ya bambo ake ali ndi zaka 14, sikutali ndi kwanuko, ndiye nyumba zija, minda youma ija, amayi anaona kwawo.

Simunalakwe mwadala, simunkadziwa. Usawaonetsenso filimuyo, komanso usawafunse pagulu. Upeze nthawi muli awiri, kaya mukusankha nyemba kaya mukutsuka mbale, uyambe ndi kupepesa kuti munkaseka, kenako uwafunse kuti chaka chimenecho ankakhala kuti, ankadya chiyani. Akakana uwasiye, mwina adzayamba okha tsiku lina. Akayamba kufotokoza foni uyike pansi, ndipo achimwene akowo uwauze zimene ndalembazi.