Mwana wanga amamenya netibo komanso amathamanga, angapeze sikolashipu ya ku America?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti mtsikana wawo ali Folomu 3, pa netibo ndi katswiri, komanso pa mipikisano ya sukulu amathamanga 1500m n'kusiya anzake kutali. Ndiye pali munthu wina pa WhatsApp akuti amupatse ndalama ya "processing" kuti amupezere malo ku yunivesite ya ku America. Akufunsa, zoona izi?

Mayi, poyamba ndalamayo musatumize chonde. Makochi a ku mayunivesite a ku America amalemberana ndi mwanayo mwachindunji, ndipo amene amalipira ndi yunivesite, osati inu kulipira munthu wapakati oti simunamuonepo nkhope.

Chachiwiri, ndikuuzeni zowawa pang'ono: netibo ku America kulibe pa masewera a NCAA, bungwe limene limayendetsa masewera a m'mayunivesite akuluakulu. Ngakhale mwana atakhala Mwawi Kumwenda wachiwiri, netiboyo simutengera ku America, Mwawi amene njira yake inali ya ku Australia. Netibo ya pa yunivesite muifune ku South Africa, ngati ku University of Pretoria, kapena ku England ngati ku Loughborough. Ku Olympics nakonso netibo kulibe, ndiye thandizo la Olympic Solidarity, limene limadutsa ku Malawi Olympic Committee kukonzekeretsa othamanga ndi osambira, silimugwira pa mpira wamanjawo.

Koma miyendoyo ndiye nkhani. Anyamata ndi atsikana a ku Kenya adzaza m'mayunivesite a ku America chifukwa chothamanga basi. Mayunivesite a NCAA ali m'magulu atatu otchedwa ma Division. Ma Division I ndi II amapereka sikolashipu ya masewera, Division III sapereka, palinso NAIA, bungwe lina la masewera a m'mayunivesite ang'onoang'ono, ndi makoleji a zaka ziwiri aja a NJCAA omwe ambiri amayambirako. Vuto lathu kuno ndi nthawi. Kochi sadzamva zoti "amawina onse pa zoni", amafuna nambala, 1500m amamaliza mphindi zingati ndi masekondi angati, pa mpikisano wovomerezeka, osati aphunzitsi a PE atagwira foni m'manja pa bwalo la fumbi loti mizere yake anajambula ndi phulusa dzulo lake. Mpititseni ku mipikisano ya bungwe la othamanga kuti nthawi yake ilembedwe, ndipo muzimujambula vidiyo.

Sukulu nayo asaitaye. Asanathamangire Division I kapena II amayenera kulembetsa ku NCAA Eligibility Center, ofesi imene imaona ma grade a ku sekondale, Division I imafuna GPA (avareji ya ma grade, pa kawerengedwe ka ku America) ya 2.3 kupita m'mwamba. SAT, mayeso olowera ku yunivesite ku America, a NCAA anasiya kuifuna mu 2023 koma mayunivesite ena amaifunabe pawokha.

Dziwaninso kuti masikolashipu ambiri sakhala athunthu, ena amangolipira fizi, tikiti ya ndege ndi visa ya ophunzira ya F-1 muzionere nokha, ndiye kochi akakulemberani mufunseni mosabisa kuti chakudya ndi pogona zili pa ndani.