Kwa achimwene amene ndege ikumadumpha potera

Achimwene, mwati muli ndi maola 16 ophunzira kuulutsa ndege ya Cessna 172 ku Pretoria, zina zonse zikuyenda koma potera ndege ikumagunda pansi nkudumphanso, instructor sanakuloleni solo (kuuluka nokha) ndipo ndalama zikungotha. Ndakumvani bwinobwino, inenso ndinaphunzirira pa bwalo la ndege la Wonderboom komweko ndipo nkhani yomweyi inkandisowetsa tulo.

Vuto lanulo mwina silili pa flare (pokweza mphuno ndege ikatsala pang'ono kukhudza pansi) pomwe mukulionerapo, limayambira kumbuyo pa final (potsika mutalunjika runway). 172 imafuna muzibwera ndi liwiro la ma knots cha mma 65 ma flaps (timapiko ta kumbuyo kwa mapiko) ali pansi, nde mukabwera ndi 75 imakana kukhala, imangoyandama pamwamba pa runway, inu mukuona runway ikutha mtima nkuyamba kugunda, kenako mumakankha yoke (chiwongolero cha ndege) kuti itere mokakamiza, tayala lakutsogolo ndi lomwe limayamba kugunda, basi yadumpha. Panganitu trim (kusintha kachipangizo kopepukitsa yoke mmanja) mpaka muzitha kugwira yoke ndi zala ziwiri liwiro osasintha. Komanso kumeneko nkokwera, mafiti opitirira 4,000 ngati pa KIA ku Lilongwe, kukatentha mpweya umapepuka moti ngakhale singano ya liwiro ikuwerenga 65 pansi pamaoneka kuti pakuthamanga kwambiri. Musachepetse liwiro chifukwa cha zimenezo ayi, khulupirirani singanoyo.

Koma chimene chinandimasula ine ndi maso. Ndinkayang'ana phula lomwe lili patsogolo pa mphuno ya ndege penipeni, nde pansi pankangondidzidzimutsa, pena kukoka msanga pena mochedwa. Tsiku lina mmamawa instructor anati lero sititera, tinauluka runway yonse motsika kwambiri ndi ka power pang'ono, iye akungondikumbutsa kuti maso kumapeto kwa runway. Ulendo wachitatu ndinayamba kuona mmbali mwa maso momwe udzu wa mmphepete ukukwerera ndege ikamatsika. Pemphani zimenezi, nzololedwa bola tower yavomera. Mukafika poteradi, power yonse chotsani, kokani pang'onopang'ono ngati mukuikaniza kukhudza pansi, mphuno ikwere pang'ono, stall horn (alamu yochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kusiya kunyamula ndege) ikangoyamba kulira mumva matayala akuluakulu awiri aja akhudza okha, lakutsogolo libwera pambuyo.

Ikadumpha kwambiri chonde musaithamangitse ndi kukankha mphuno, kudumpha kwachiwiri kumaposa koyamba ndipo ndi mmene anthu amathyolera tayala lakutsogolo kapena kumenyetsa propela. Full power, carb heat (chotenthetsa mpweya wolowa mu injini) ikankheni mkati kuti izime ngati yanuyo ili nayo, phazi lamanja pa pedulo ya rudder (chowongolera cha kumchira), ma flaps muzibweza pang'onopang'ono, pitani go-around, kutanthauza kukweranso nkukazungulira kuti muyesenso kutera. Palibe chamanyazi apa. Ine solo instructor anandisainira sabata yomwe ndinapanga go-around ndekha iye asanatsegule pakamwa, chifukwa chomwe amafuna kuona nchakuti mukakhala nokha simukakamira zolakwika.

Za ndalama, bukani ma slot a mmamawa mpweya usanayambe kuwinduka, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala kumeneko mphepo imavuta. Kuli bwino kuuluka katatu sabata imodzi kusiyana ndi kamodzikamodzi, manja amaiwala. Madzulo khalani pa mpando kunyumba muzichita circuit (njira yozungulira bwalo mpaka kutera) yonse pakamwa, downwind, base, final, ndi ma radio call omwe, zimenezo nzaulere. Maola 45 amene amanena a PPL (laisensi ya private pilot) aja ndi poyambira chabe, ambiri amapitirira. Mutiuze liwiro lomwe singano imawerenga mukamadutsa pa threshold (poyambira runway), tiyambire pamenepo.