Pulosesa yafika madigiri 95 gemu ya ndege itangolandira update: ndigule choziziritsira china?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Ndimakonda gemu yoyeserera kuwulutsa ndege pa kompyuta. Zonse zinali bwino mpaka pamene gemuyo inalandira update. Tsopano mafani akungolira, pulosesa yanga ya Ryzen 7 7700X ikufika madigiri 95, ndipo ndikamatera pa bwalo lalikulu la ndege chithunzi chimadukizadukiza. Kodi update yandiwonongera pulosesa? Ndigule choziziritsira china kapena pulosesa ina?"

Achimwene, musagule kanthu kaye. Mwatchula mavuto awiri omwe akupezani tsiku limodzi, kutentha ndi kudukiza, ndipo mukuwaona ngati amodzi. Nthawi zina amakhaladi amodzi, koma m'magemu a ndege kawirikawiri lililonse limakhala ndi gwero lake. Mukapanda kuwalekanitsa, ndalama zanu zipita pa chinthu chomwe sichinalakwe.

Tiyambe ndi nambala yomwe yakuopsaniyo. Kampani ya AMD itatulutsa mapulosesa a Ryzen 7000 mu 2022, inanena poyera kuti anapangidwa kuti akapatsidwa ntchito yolemera azikwera liwiro mpaka afike madigiri 95, n'kukhazikika pamenepo. Choncho 95 pa 7700X si chizindikiro chakuti china chapsa. Pulosesa iliyonse ili ndi malire ake: a 7800X3D ndi 89, a 5800X3D ndi 90, ndipo mapulosesa ambiri a Intel Core a m'badwo wa 12 mpaka 14 ndi 100. Ikafika pa malirewo imadzichepetsera yokha liwiro ndi magetsi, ndipo zinthu zikafika poipa kompyuta imazima isanawonongeke. Update ya gemu ilibe mphamvu yochotsa chitetezo chimenechi. Chomwe ingachite ndi kusintha kuchuluka kwa ntchito yomwe pulosesa ikupatsidwa, basi.

Komabe sindikukuuzani kuti mugone tulo. Gemu ya ndege sigwiritsa ntchito mofanana ma core onse (timapulosesa ting'onoting'ono tomwe tili mkati mwa pulosesa), ndiye 7700X yokhala ndi choziziritsira chabwino siyenera kukhala pa 95 ulendo wonse, ndege ili m'mwamba kulibe chochitika. Funso lenileni ndi lakuti: imafika pa 95 nthawi iti?

Ngati ndi pamene gemu ikutseguka, kapena pa maulendo oyambirira update itangolowa, wolakwa nthawi zambiri ndi ma shader. Awa ndi timapulogalamu tomwe timauza GPU, chipangizo chojambula zithunzi mu kompyuta, momwe ijambulire mitambo, madzi, mithunzi ndi kuwala. Kompyuta iliyonse imayenera kutikonza kuti tigwirizane ndi GPU yake komanso driver yake (pulogalamu yoyendetsa GPU), ndipo amene amagwira ntchito yokonzayo ndi pulosesa. Ikamaliza imatisunga kuti mawa isavutikenso. Update ya gemu kapena ya driver ikabwera, zosungidwazo zimatha ntchito, n'kuyambiranso. Nthawi imeneyo ma core ambiri amadzuka limodzi, mafani amakuwa, ndipo shader yomwe inali isanakonzedwe ikafunika muli pakati pa ulendo, chithunzi chimaima kamphindi. Mu Microsoft Flight Simulator mulinso china: ndege zambiri zogula padera zili ndi mapulogalamu a mtundu wa WASM oyendetsa makina a ndegezo, omwe amakonzedwanso Sim Update (update ya gemuyi) ikalowa, n'chifukwa chake ndege yotere imatenga nthawi yaitali kutseguka ulendo woyamba. Zonsezi zimatha zokha. Ulutsani ndege maulendo angapo pa mabwalo omwe mumakonda musanaweruze.

Simunandiuze kuti gemu yanu ndi iti, ndiye ndikhudza zitatu zodziwika kwambiri: DCS World, Microsoft Flight Simulator ndi X-Plane. Pali nthawi zina pamene zosungidwa zakale zimasemphana ndi update yatsopano, kudukizako osatha. Mu DCS World anthu amafufuta mafoda awiri, fxo ndi metashaders2, omwe amakhala mu Saved Games, gemu n'kuwapanganso yokha. Mu Microsoft Flight Simulator fufutani rolling cache, momwe gemu imasungira malo omwe yatsitsa pa intaneti, kudzera m'ma settings a gemuyo. Ndipo pa Windows, pulogalamu ya Disk Cleanup ili ndi bokosi lolembedwa DirectX Shader Cache. Chitani kamodzi kokha. Pali ena omwe amafufuta sabata iliyonse poganiza kuti akuyeretsa kompyuta, osadziwa kuti akungoibwezera pa ntchito yomweyo yoyambitsa kutentha ndi kudukiza.

Tsopano za kutera pa bwalo lalikulu, pomwe ndikuganiza kuti pagona vuto lanu lenileni. Magemu a ndege ali ndi khalidwe lomwe magemu ena ambiri alibe kwenikweni: ntchito yaikulu imadutsa pa mzere umodzi wotchedwa main thread. Kuwerengera kayendedwe ka ndege, makina a mu cockpit, ndege zina zomwe zili pabwalo, magalimoto, nyumba zoyenera kuoneka kutsogolo, zambiri mwa izi zimadikirira pa mzere umenewo. Zili ngati chigayo chokhala ndi pothirira pamodzi: kaya abwere anthu angati odzathandiza kunyamula matumba, ufa utuluka pa liwiro la pothirirapo. N'chifukwa chake Task Manager ikhoza kukuonetsani kuti pulosesa ikugwira ntchito pang'ono chabe pomwe gemu ikuvutika. Imaphatikiza ma core onse, core imodzi yomwe yathedwa mphamvuyo n'kubisika m'gulumo. M'mwamba, ndege ili yokha ndi mitambo, mzerewo umakwanitsa. Mukatsikira pa bwalo la Heathrow ku London kapena la JFK ku New York ndi ndege yolemera makina ngati PMDG 737 kapena Fenix A320, zonse zimafuna kudutsa nthawi imodzi.

Kuti chithunzi chiziyenda mafelemu (zithunzi zotsatizana) 30 pa sekondi, felemu iliyonse iyenera kukonzeka m'ma millisecond 33. Pa mafelemu 60, nthawi imatsika kufika 16.7. Main thread ikachedwa kamodzi, diso limaona pomwepo. Mu X-Plane n'zovutirapo, chifukwa mafelemu akatsika pansi pa 20 pa sekondi, nthawi ya mu gemu imayamba kuyenda mochedwa kuposa nthawi yeniyeni.

Kutentha kulibe gawo pa zimenezi pokhapokha pulosesa ikamadzichepetsera liwiro. Mu Microsoft Flight Simulator yatsani Developer Mode, muonetse FPS (kuchuluka kwa mafelemu pa sekondi), ndipo gemuyo idzakuuzani yokha ngati ikuchedwetsedwa ndi MainThread kapena ndi GPU. Ikati MainThread, kutsitsa resolution sikuthandiza. Tsitsani Terrain Level of Detail, kenako Objects Level of Detail ndi kuchuluka kwa ndege ndi magalimoto apabwalo. Muonenso ngati update sinakusinthireni ma settings, chifukwa zimachitika kuti amabwerera pomwe analili poyamba munthu osadziwa.

Musanakhudze chilichonse mwa izo, yesani gemu yopanda zowonjezera. Mu Microsoft Flight Simulator sinthani dzina la foda ya Community, momwe mumakhala zowonjezerazo, kapena mu X-Plane chotsani kaye ma plugin omwe munaikamo nokha, muwuluke ndi ndege yobwera ndi gemu pa bwalo lomwe lija. Kudukiza kukatha, ndiye kuti china mwa zowonjezera zanu sichinagwirizane ndi update. Bwezerani theka, yesani, kenako theka la zotsalazo, mpaka muchipeze. Ndi ntchito yotopetsa, koma mwa zonse zomwe ndalemba pano ndi imene imagwira wolakwa kawirikawiri.

Pali chinanso chomwe anthu sachiyembekezera: update yabwino imathanso kuwonjezera kutentha. Laminar Research itabweretsa Vulkan, njira yatsopano yolumikizira gemu ndi GPU, mu X-Plane 11.50 mu 2020, Asobo itatulutsa Sim Update 5 ya Microsoft Flight Simulator mu July 2021, komanso Eagle Dynamics itayamba kugawa ntchito ya DCS World ku ma core ambiri mu 2023, cholinga chinali chimodzi, kuti zida za kompyuta zisamakhale chodikirira. Zida zomwe sizikudikirira zimadya magetsi ambiri, ndipo magetsi onse olowa mu pulosesa amatuluka ngati kutentha. Choziziritsira chomwe chinkangokwanitsa movutikira chimaonekera poyera pamenepo. Mankhwala ake ndi osavuta: ikani malire a mafelemu. Ndege si gemu yowomberana. Mafelemu 30 kapena 40 okhazikika amakoma kuposa 70 okwera ndi kutsika, ndipo pulosesa imapeza mpata wopuma pakati pa felemu ndi felemu.

Nanga mudziwa bwanji ngati choziziritsira chalephereradi? Ikani HWiNFO64, pulogalamu yoonetsa momwe zida za kompyuta zikugwirira ntchito, tsegulani gawo la Sensors, muwuluke ulendo wonse mpaka kutera, kenako muone zinthu zitatu pamodzi: kutentha, liwiro la ma core ndi mawati omwe pulosesa ikudya. 7700X imaloledwa kukoka mpaka mawati 142, ndipo liwiro lake loyambira ndi 4.5 GHz, lapamwamba 5.4 GHz. Ikakhala pa 95 uku ikudya mawati opitirira 100 ndipo liwiro lili cha m'ma 5 GHz, ikuchita zomwe anaipangira. Koma ikafika 95 ikudya mawati 50 kapena 60 okha, liwiro n'kumagwa pansi pa 4.5, kutentha sikukutuluka. Apo ndiye mavuto anu awiri aja ndi amodzidi, ndipo update yangovumbula chomwe chinalipo kale. Zimitsani kompyuta, muizule pa magetsi, muone fumbi m'zipsepse za choziziritsira ndi m'masefa a bokosi. Onani ngati mafani onse akuzungulira komanso ngati zomangira sizinakhwefuke. Ngati choziziritsira chanu ndi cha madzi, onani liwiro la pampu mu BIOS (ma settings a kompyuta omwe mumalowamo Windows isanayake), chifukwa pampu ikafooka mafani amakuwa koma osathandiza kanthu. Thermal paste, phala lopaka pakati pa pulosesa ndi choziziritsira, ikauma isintheni, ndipo popaka musachulutse.

Ngati zonse zili bwino koma phokoso likukusowetsani mtendere, yatsani Eco Mode mu BIOS kapena mu Ryzen Master. Imatsitsa malire a 7700X kufika mawati 88, kutentha kumatsika ndithu, ndipo m'magemu kusiyana kwa liwiro n'kochepa kwambiri. Ndimaikonda kuposa njira ija yoika Maximum processor state pa 99% mu Windows, yomwe pa makompyuta ambiri imazimitsiratu boost, kukwera kwa liwiro la pulosesa kuja, main thread n'kumanidwa liwiro lomwe ikulifunitsitsa.

Kwa inu ena omwe muli ndi Intel Core ya m'badwo wa 13 kapena 14, nkhani ndi ina pang'ono. Mu 2024 Intel inavomereza vuto la voteji yokwera mopitirira muyezo pa ena mwa mapulosesa amenewa, inatulutsa kapulogalamu kokonza vutoli, microcode 0x12B, kudzera m'ma update a BIOS, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Ngati gemu ikumangotsekeka yokha, yambani ndi BIOS. Mukatero muyatsenso setting yokweza liwiro la RAM, XMP, kapena EXPO kwa a Ryzen, chifukwa update ya BIOS imakonda kubwezera RAM pa liwiro lotsika, ndipo magemu a ndege amamva kuchedwa kwa RAM msanga.

Choziziritsira chatsopano mugule pokhapokha pampu ikakhala kuti yafa, kapena HWiNFO64 ikaonetsabe 95 pa mawati ochepa mutachotsa fumbi ndi kusintha paste. Pulosesa ina ilibe chifukwa pakadali pano. N'zoona kuti mapulosesa a X3D, monga 7800X3D, amathandiza kwambiri main thread chifukwa cha cache yawo yaikulu (memory yachangu ya mkati mwa pulosesa), koma 7700X yomwe inkakwanitsa update isanabwere sinakalambe m'sabata imodzi. Mukayesa, nditumizireni dzina la gemu, mtundu wa choziziritsira ndi manambala atatu aja monga analili pa nthawi yotera, tione pamodzi.